Nyimbo ya M'chipinda cha Amayi

Miyezi isanu ndi itatu Mzime anakhala akunyengerera bambo ake, ndipo Lolemba lapitalo mkuluyo anagonja. Anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi nsonga ya malaya, n'kunena kuti, "Umuuze abwere Loweruka 3 koloko masana. Akachedwa ndi mphindi imodzi apeza geti lotseka." Mawu anali omwewo basi. Koma aliyense amene ankawadziwa Aphunzitsi, monga anthu ankawatchulira bambo akewo, akanakuuzani kuti pamenepo mwala unali utasuntha.

Mwamuna woyembekezekayo sanali mlendo. Zalakhumi, katswiri wa limba amene nkhope yake inali pa zipupa za m'tauni monse, anakulira m'manja mwa Aphunzitsi omwewo. Anayamba ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, kuwatsegulira mabuku a nyimbo kutchalitchi, kenako n'kuloledwa kukhudza limba, mpaka anthu anayamba kulawirira Lamulungu kuti akamve iyeyo, ulaliki n'kukhala wongoperekeza. Atafika zaka makumi awiri ndi ziwiri anasiya kwaya kutatsala sabata imodzi kuti apite ku mpikisano, n'kukayambitsa bandi yake. Aphunzitsi sanamukhululukire. Akamva dzina lake ankangoti, "Uja anatenga zala zimene ndinawongola ine n'kukavinitsa nazo zidakwa."

Ndiye mwa amuna onse a pansi pano, mwana wawo wotsiriza, yekhayo amene anatsala nawo pakhomo, anakagwa m'chikondi ndi ameneyo.

Lachinayi masana Mzime anali m'shopu yake yosokeramo, akumaliza kolala ya malaya oyera oti Zalakhumi adzavale Lowerukalo. Pawindo panali wailesi yaing'ono, ndipo woulutsa mawu anakuwa ngati wapsa ndi tiyi: "Yatsopano iyi, yotentha! Zalakhumi ndi bandi yake, pamayikolofoni pali Shuga!"

Mzime anamwetulira. Kiyibodi inayamba yokha, pang'onopang'ono, kukwera katatu n'kuima, kenako n'kutsika. Phazi lake linachoka pamakina.

Nyimbo imeneyo ankaidziwa. Bambo ake anaipeka zaka zinayi zapitazo, mwezi umene mayi ake anali gone, madokotala atanena kuti palibenso chimene angachite. Anakokera limba lawo lakale lopopa ndi mapazi m'chipinda chogona, n'kumatseka chitseko, n'kumawaimbira akazi awo kuti ululu uwasiyeko. Inalibe mawu, inalibe dzina, sinalembedwe papepala. Mzime ankaimva chifukwa ndiye ankawatembenuza mayi ake ndi kuwamwetsa madzi. Maliro atatha, Aphunzitsi anafunditsa limbalo nsalu ndipo sanalikhudzenso.

Kenako ng'oma zinalowa, magitala n'kulowa, ndipo Shuga anatsegula pakamwa: "Gwira m'chiuno, bebi, usandisiye!"

Mzime anaimirira moti mpando unagwa. Nyimbo imene mayi ake anatsekera nayo maso, lero ikugwiritsa anthu m'chiuno! Anapsa mtima kwambiri. Ndipo pansi pa mkwiyowo panali chinthu china chimene sankafuna kuchiyang'ana. Tsiku lokumbukira imfa ya mayi ake, miyezi itatu yapitayo, akulira pabenchi kuseri kwa tchalitchi, iye mwini ndi amene anamung'ung'udzira Zalakhumi nyimboyo. Kamodzi kokha. Anamuuza kuti ndi chinsinsi cha m'nyumba, ndipo mwamunayo anagwira pamtima n'kulumbira.

*

"Uli kuti?" analembera Zalakhumi pafoni.

"Tikuyeserera, wokondedwa. Malaya atha?"

"Malaya ako ndiwasandutsa zopukutira. Ndamva wailesi."

Timadontho tosonyeza kuti akulemba tinaoneka, n'kusowa, n'kuonekanso.

"Si mmene ukuganizira. Ndikufotokozera."

"Wakuba aliyense akagwidwa amayamba ndi mawu amenewo."

"Ndibwera kushopu 5 koloko."

"Usavutike. Khala pomwepo."

Anatseka shopu makasitomala awiri ali pakhomo, chinthu chimene anali asanachitepo chiyambire kusoka.

*

Bandi inkayeserera m'galaja yakale kuseri kwa sitolo ya zitsulo. M'zipupa anakhomamo makatoni a mazira kuti phokoso lisatuluke, ndipo pansi panali mawaya okhaokha. Mzime atalowa, woimba ng'oma anaona nkhope yake, n'kuika timitengo pansi. "Anyamata, tiyeni tikamwe madzi," anatero, ndipo onse anatuluka ngati nkhuku zaona kabawi.

Kupatula Zalakhumi, anatsala ndi Shuga yekha, woimba wa bandiyo, atakhala pa sipika, mwendo pamwamba pa unzake, akupala zikhadabo. Zaka zitatu wakhala akuima pambali pa Zalakhumi pa siteji, ndipo zaka zitatu zomwezo wakhala akuuza aliyense wofuna kumva kuti mwamuna wotchuka amafunika mkazi wodziwa kuwala kwa magetsi.

"Ndiye awa ndi atelala aja?" anafunsa, osadzutsa mutu. "Mwabwera kudzatiyeza?"

"Inu pakamwa panu mpofunika kubweza, pakula kwambiri," anayankha Mzime. "Koma lero sindinabwerere inu."

Zalakhumi anadzuka pakiyibodi. Anali wamtali, wofatsa nkhope, wa maso amene amapangitsa azimayi a kwaya kuiwala vesi yachiwiri. Lero masowo anali pansi.

"Khala kaye pansi, Mzime."

"Ndikhale pati? Pamutu pako? Unalumbira iwe. Unagwira pamtima."

"Sindinachite dala. Mvetsera. Unali ukwati uja wa mwana wa mwini mabasi. Mkwatibwi anachedwa mphindi makumi asanu, tchalitchi chodzaza, abusa akungondikodola kuti ndisasiye. Ukudziwa mmene zimakhalira, woimba limba saloledwa kukhala chete. Ndinaimba nyimbo zonse za m'buku, zina kawiri. Zitatha, mutu unali kukhomo kudikira galimoto, zala zikungoyenda zokha. Pamene ndimazindikira chimene ndikuimba, tchalitchi chonse chinali zii, mayi wina akulira kumbuyo."

"Zala zikungoyenda zokha," anabwereza Mzime. "Zinayendanso zokha mpaka ku situdiyo? Zinakwera minibasi?"

Shuga anaseka. "Ndine ndinaijambula pafoni tsiku limenelo, ndinali pafupi ndi limba. Mawu ndinaika ndekha. Abwana atamva anati ayi, ayi, koma mwendo ukugwedera." Anauzira zikhadabo zake. "Ndipo anthu akuti zikuonekeratu kuti anapekera ndani. Ine sindikutsutsa."

"Shuga, tuluka," anatero Zalakhumi.

"Ndituluke m'nyimbo yanga?"

"Ndati tuluka!"

Anatuluka, koma mwapang'onopang'ono, nsapato zikulira pasimenti, ndipo chitseko anachisiya chotsegula.

"Ndinavomera kuti tingoiyesa," anapitiriza Zalakhumi motsitsa mawu. "Kenako ndinati tingoijambula kuti timve mmene ikumvekera. Sindinanene kuti ipite ku wailesi. Wapereka ndi Shuga."

"Kungoyesa, kungojambula. Mawa udzati ndinangomukwatira kuti ndimve mmene zimakhalira."

"Mzime, zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikupeka nyimbo, ndipo palibe imodzi yofika pa imeneyi. Inkandidzutsa m'mawa. Nyimbo ngati imeneyi siyenera kufera pansi pa nsalu."

Akanangopepesa, mwina mtima wake ukanatsika. Koma mawu amenewo ndi amene anathira mafuta pamoto.

"Siyenera kufa? Anafa ndi mayi anga! Iwe unalipo pamene ankalephera kumeza madzi? Unawaona bambo akupopa limba lija misozi ikugwera pa zala? Ndinakupatsa chinthu chokhacho chimene ndinali nacho cha mayi anga, iwe n'kukachiveka siketi yaifupi!"

Zalakhumi anatulutsa foni m'thumba. Anati, "Ndiimbira a wailesi aichotse. Lero lomwe."

"Mawailesi ake ndi anayi," anatero Shuga ali pakhomo, pamene anali ataima nthawi yonseyo. "Ndipo ili kale m'mafoni a anthu. Madzi akatayika saoleka, achemwali."

Mzime anatola chikwama chake. Zalakhumi anamutsatira mpaka panja.

"Nanga Loweruka? Ndibwere?"

Anamuyang'ana. Ankafuna kumumenya ndi chikwamacho, ndipo ankafunanso kumukonza kolala imene inapindika. Zimenezi ndi zimene zinkamukwiyitsa koposa, kuti ngakhale tsopano ankamukondabe.

"Miyezi isanu ndi itatu ndagwada chifukwa cha Loweruka limeneli," anatero. "Ubwere. Ndipo upemphere kuti bambo asaimve."

*

Lachisanu Mzime sanapite kushopu. Anazula waya wa wailesi ya pabalaza n'kuubisa m'thumba la zidutswa za nsalu, pafupi ndi makina ake osokera a kunyumba.

"Wailesiyi yatani?" anafunsa Aphunzitsi, akuigogoda ndi chala chopindika ndi nyamakazi.

"Yafa, bambo. Ndipita nayo kwa okonza Lolemba."

"Dzulo inali bwinobwino."

"Zinthu zamagetsi ndi choncho."

Anatseka mawindo oyang'ana kumsewu, ati fumbi. Mnyamata wogulitsa makala atadutsa akuimba likhweru, Mzime anagwetsa dala chivundikiro cha poto. Pofika 10 koloko anali atatopa ngati walima munda, akudzida yekha. Mkazi wa zaka makumi atatu, kubisa mawaya m'nyumba ya bambo ake chifukwa cha zala za mwamuna!

Kenako anawaona atavala jekete, chipewa chili m'manja.

"Mukupita kuti, bambo?"

"Kokameta. Mawa kubwera mlendo, sindingamulandire ngati tchire."

Kometa kuja sipika siinkapuma, kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

"Ndikumetani ndine. Sizasi ndili nayo."

"Ndine nsalu ine?" Anavala chipewa. "Uja ndinamuphunzitsa kuti munthu amalemekeza mlendo ndi maonekedwe. Asadzanene kuti mphunzitsi wake anaiwala."

Mzime anawayang'ana akutuluka pageti, msana wowongoka, ndodo ikugogoda pansi. Zinamupweteka kuona kuti mkulu uja, ndi kuuma mtima kwake konse, ankakonzekera Loweruka ndi mtima wonse.

Anabwerako patatha maola awiri, atametedwa bwino. Anakoleka chipewa, n'kusamba m'manja, n'kudya chakudya chonse chimene anawapatsa. Mzime ankawaba ndi diso, koma nkhope yawo inali yotseka ngati geti lawo.

"Kunali anthu ambiri kometa?" anayesa kufunsa.

"Ambiri."

"Nkhani zake?"

"Za mpira."

Mtima wa Mzime unakhala pansi. Mwina Mulungu anamva, mwina magetsi anazima kumeneko.

*

Loweruka Zalakhumi anafika kutatsala mphindi khumi, n'kuima pageti mpaka nthawi itakwana. Anavala malaya oyera aja, chifukwa Mzime, ndi mkwiyo wake wonse, anawamalizira kunyumba, n'kuwasita, n'kumutumizira. Ana a m'mudadawo anamuzindikira n'kuyamba kusonkhana, koma iye sanawamwetulire ngati mwa masiku onse.

Mzime anamutsegulira osamuyang'ana kumaso, n'kumutsogolera pabalaza. Pakhomo Mzime anaima chilili.

Limba lija linali pakati pa balaza, nsalu itachotsedwa, thabwa lake likunyezimira mafuta. Aphunzitsi anali atapempha aneba awiri kuti alitulutse m'chipinda pamene Mzime anali kumsika m'mawa.

"Aphunzitsi," anatero Zalakhumi, akuwerama, manja onse awiri patsogolo.

"Wanenepa," anayankha mkuluyo. Sanapereke dzanja. "Mzime, tiyi adikire. Iwe, khala apo."

Analoza kampando ka limba. Zalakhumi anakhala.

"Ndamva kuti watulutsa nyimbo. Kometa dzulo anaibwereza katatu. Wometa ankavina lumo lili pakhosi panga. Koma phokoso linachuluka, makutu angawa ndi okalamba. Ndiimbire ndiimve bwino."

"Aphunzitsi, ndimati ndiyambe ndafotokoza..."

"Ndinakuphunzitsa kulankhula kapena kuimba? Imba."

Zalakhumi anayang'ana Mzime. Mzime anayang'ana pansi. Mwamunayo anaika mapazi popopera, limba n'kupuma ngati munthu wodzuka kutulo, ndipo anayamba.

Sanaimbe ngati ya pawailesi. Anaiimba pang'onopang'ono, yopanda ng'oma, yopanda mawu, monga mmene Mzime anamung'ung'udzira pabenchi paja, osaphonya ngakhale pamodzi. Fungo la mankhwala la m'chipinda chija linamubwerera Mzime m'mphuno. Analira, ndipo anakwiya kuti akulira, chifukwa wakubayu ankaiimba bwino kuposa mwini wake. Aphunzitsi anakhala chowongoka, zala zawo zopindika zikuyenda pa bondo.

Itatha, Zalakhumi anachotsa manja pa limba.

"Dzanja lamanzere ukulemeretsabe," anatero Aphunzitsi. "Tsopano undiuze. Unaitenga kuti?"

Mzime anatsegula pakamwa kuti aulule. Zalakhumi anamuona, n'kufulumira.

"Ndinaba, Aphunzitsi. Kalekale, ndili mwana wasukulu wanu. Tsiku lina ndinafika msanga, inu mukuimba m'nyumba, ine n'kuima pawindo kumvetsera. Yakhala m'mutu mwanga zaka zonsezi. Mlandu ndi wanga ndekha."

Mzime anatseka maso. Chikondi chake chinalipo, inde, koma bodza lopusa ngati limeneli anali asanalimvepo. Munthu wotha kusunga nyimbo yonse ataimva kamodzi, kulephera kuwerenga zaka!

Aphunzitsi anavula magalasi.

"Unachoka m'manja mwanga zaka khumi ndi ziwiri zapitazo," anatero mofatsa. "Nyimbo iyi ili ndi zaka zinayi. Ndinaipeka m'chipinda umo, mawindo otseka chifukwa mayi ake a mwanayu ankamva kuzizira. Anaimva ndi anthu awiri. Mmodzi ali kumanda."

Anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana mwana wawo.

"Ndine, bambo," anatero Mzime, akugwada pambali pa mpando wawo. "Ndinamuimbira ndine. Ndinali nditawasowa amayi, ndinalibe wina womuuza. Inu simufuna n'komwe kuti tiziwatchula m'nyumba muno!"

Sanadziwe kuti mawu otsirizawo atuluka, ndipo anatuluka mokweza. Nkhope ya Aphunzitsi inagwedezeka ngati awawaza madzi ozizira.

"Ndiye unakawatchula kwa woimba m'mabala."

"Ndinawatchula kwa munthu amene ndimamukonda."

"Ndipo iye anakawatchula kwa dziko lonse, ndi ng'oma." Anabwezera magalasi kumaso. "Dzulo unandiuza kuti wailesi yafa. Lero uyu akundiuza za windo. Tsiku loyamba kulowa m'nyumba mwanga ngati mkamwini, walowa ndi bodza, ndipo wapeza linzake likumudikira. Mukuyenerana."

"Aphunzitsi, ndimafuna kumuteteza," anatero Zalakhumi, nayenso atagwada, malaya oyera atanyowa kumsana. "Ndalakwa. Ndiuzeni chochita, ndichita. Dzina lanu ndiliika pa nyimboyo. Bandi ndiisiya ngati mukufuna."

"Dzina langa? Pa gwira m'chiuno?" Kwa nthawi yoyamba mawu a mkuluyo anakwera, ndodo n'kugunda pansi. "Mkazi wanga ndinakhala naye zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinalibe galimoto yomupatsa, ndinalibe nyumba ya masitepe. Ndinamupatsa nyimbo imodzi yoti ikhale yake yekha, apite nayo. Dzulo ndamva wometa akuiimba, chingamu chili m'kamwa!"

Kukhitchini ketulo inali ikulira, madzi akuphwera.

Aphunzitsi anadzuka movutikira, n'kupita pa limba, n'kulitseka.

"Ndinalonjeza kuti ndikulandira, ndakulandira. Wabwera kudzapempha mwana wanga. Sindikukaniza."

Mzime anadzutsa mutu.

"Koma uyambe wabweza chimene unatenga. Ndibwezere nyimbo yanga. Ndidzapite kometa osaimva, ndidzadutse pamsika wina osaiimba likhweru, ndidzakwere basi ili chete. Tsiku limene tauni ino idzaiiwale, udzabwere 3 koloko, geti udzalipeza lotsegula. Lisanafike tsiku limenelo, usadzapondenso pano." Anayang'ana Mzime. "Iwe ndiwe wamkulu, miyendo uli nayo. Ukafuna kumutsatira lero, sindikugwira. Koma ukatuluka naye, utenge ndi makina ako."

Analowa m'chipinda, n'kutseka chitseko.

Mzime anamuperekeza Zalakhumi mpaka pakhonde, osapitirira. Mwamunayo anatsika masitepe awiri n'kutembenuka, dzanja atalitambasula.

"Tiye, Mzime. Kapena undiuze kuti ndidikire. Nyimbo zimatha, anthu amaiwala. Mwezi umodzi, iwiri..."

"Iwe wemwe unati sunapekepo yofika pa imeneyi," anatero Mzime, akukukuta mano. "Unanama pamenepo, kapena ukunama pano?"

Dzanja la Zalakhumi linali likadali m'malere. Kuseri kwa mpanda mayi wa nyumba yoyandikana nayo ankayanika zovala, akuimba mokweza ndi mtima wake wonse, gwira m'chiuno, bebi, usandisiye. Atafika pobwereza, ana aja anasonkhana pageti anamulandira onse pamodzi.